Zimene Tidaona Usiku ku Majete

Sabata ino ndati ndikusimbireni za ulendo umene ife a kagulu kathu tidayenda m'mwezi wa October chaka cha 2024, kupita ku nkhalango yosungiramo nyama ya Majete, m'boma la Chikwawa. Koma ndisanakukwezeni galimoto, ndiloleni ndiyambe ndaulula chimene chidali kundidya mumtima ponyamuka, pakuti popanda chimenecho ulendowu ukadangokhala wokaona njovu basi.

M'mudzi mwathu muli agogo ena amasiye, amene amakhala okha m'nyumba yotsirizira, kufupi ndi khwawa. Chaka chimenecho nkhuku zidayamba kusowa m'makola usiku. Kenaka mbuzi ya mnansi wathu idagwidwa, ndipo kutacha anthu adapeza mapazi a fisi atadzera kuseri kwa nyumba ya agogowo kulowera kukhwawa kuja. Sipadapite sabata, manong'onong'o adali atafika kale pachitsime, akuti fisiyo ngwa agogo, ndiye amakwera usiku. Ana adaleka kukapala moto kwawo. Ine amene ndimatsogolera kagulu sindidawanene agogowo, komanso sindidawaikire kumbuyo. Ndidangotseka pakamwa, ndipo podzera pakhomo pawo ndinkafulumiza mwendo.

Komatu agogowo ndi mmodzi mwa amene adayambitsa kagulu kathu, ndipo chopereka chawo cha ulendo adali atatsiriza kalekale. Tsiku lonyamuka adafika m'mamawa ndi kamtolo kawo ka mbatata zophika, nakhala pampando wakumbuyo. Mpando woyandikana nawo udakhala wopanda munthu mpaka ku Chikwawa.

Kuchokera mumzinda wa Blantyre kukafika ku Majete ndi makilomita pafupifupi 70. Msewu wake umatsika phiri mokhotakhota ngati njoka, ndipo munthu ukasuzumira pazenera umaona chigwa chonse cha Shire chili tandaa pansi, mtsinje ukunyezimira pakati. Tikutsika choncho makutu adatseka, ndipo pofika pa Thabwa majuzi onse adali atavulidwa, chifukwa mphepo yolowa pazenera idali ngati ya mumphika wongovundukulidwa kumene. Tidawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudzera pa boma la Chikwawa, mpaka kufika pachipata cha nkhalango dzuwa lili paliwombo. Kufupi ndi pamenepo pali mathithi a Kapichira, pamene David Livingstone adalephera kupitirira ndi ngalawa yake m'chaka cha 1859, ndipo lero pali makina opangira magetsi amene timayatsa m'nyumba zathu.

Majete ndi nkhalango ya makilomita pafupifupi 700 m'litali ndi m'lifupi mophatikiza, ndipo Boma lidaipatula m'chaka cha 1955. Muli milambe, matanthwe ndi mitsinje youma, ndipo m'chilimwe chotere mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba. Mlonda wa nyama amene adatilandira adatiuza mbiri yomvetsa chisoni. Zipembere zidatha, mikango idatha, ndipo pofika cha m'ma 1992 njovu nazonso zidali zitaphedwa zonse. M'chaka cha 2003 Boma lidapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowa, ndipo nyama zidayamba kubwezedwamo: zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, ndi mimbulu mu 2021. Atatero adamwetulira nati, "Koma alipo mmodzi, amayi, amene sitidachite kumuitanitsa. Fisi sadachokemo konse."

Dzina limenelo litangotchulidwa, ndidaona amayi awiri akukodolana.

Cha kumadzulo, dzuwa litapepa, adatipereka m'manja mwa mtsikana wina wophunzira za nyama, wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba. Iye adatitengera pa dziwe lina pamene nyama zimamwera. Tili m'galimoto, adatilozera mtengo nati tiyang'anitsitse. Tidayang'ana, osaona kanthu. Adatsika pamodzi ndi mlonda uja, naloza kabokosi kotuwa ngati khungwa, kaukulu wa njerwa yaing'ono, komangidwa ndi lamba pathunthu la mtengo cha m'mabondo.

"Aka ndi kamera, amayi," adatero. "Sikafuna munthu wokagwira. Kamadikira kokha usana ndi usiku, ndipo chikangodutsa chamoyo kamajambula."

Mayi wina wa msika, amene sachedwa kufunsa, adati, "Iwe mwana wanga, kamadziwa bwanji kuti chadutsa ndi chamoyo? Kali ndi mankhwala?"

Tonse tidaseka, koma yankho lake ndi loyenera kuti inunso mulimve. Kutsogolo kwa kabokosiko kuli kazenera kamene kamamva kutentha. Paja inu mukayandikira mbaula mumadziwa kuti pali moto ngakhale mutatsinzina. Thupi la nyama iliyonse ya magazi ofunda limatulutsanso kutentha kotere, ngakhale kuli kochepa. Tsono chinthu chofunda chikasuntha patsogolo pa kazenerako, kamera imadzidzimuka n'kujambula sekondi imodzi isanathe. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, kutentha ndi kusuntha. Mwala wotentha sujambulidwa chifukwa susuntha. Komabe makina ndi makina, amapusitsika. Udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo, kamera imajambula zithunzi mazanamazana zopanda kanthu. Ndipo masana a ku Chikwawa, pamene nthaka imatentha kufanana ndi thupi, nthawi zina nyama imadutsa osadziwika. N'chifukwa chake oikawo amayamba asenga udzu wa patsogolo pake, ndipo salozetsa kamera kotulukira kapena kolowera dzuwa.

Funso lachiwiri ndidafunsa ndine. Ndidati, nanga usiku wa mdima wandiweyani, kopanda nyali, chithunzi chimatuluka bwanji? Mtsikanayo adatisonyeza timababu ting'onoting'ono tondandalikidwa pamwamba pa diso la kamera. Timeneto timatulutsa kuwala kotchedwa infrared. Maso athuwa amaona mitundu yokhayo imene ili mu utawaleza, koma kupitirira mtundu wofiira kuli kuwala kwina kumene diso la munthu silikuona, ndipo nyama zambiri zoyamwitsa sizikuonanso. Adakutulukira ndi William Herschel, katswiri wa nyenyezi wokhala ku Mangalande, m'chaka cha 1800. Iye adagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngodya zitatu, naika choyezera kutentha pambali pa mtundu wofiira, pamene sipadali kuoneka chilichonse, ndipo choyezeracho chidakwera. Motero kamera ikamva nyama usiku imayatsa timababu tija. Kwa nyamayo kudakali mdima, koma kwa kamera kwawala mpaka mamita pafupifupi 20.

Amayi a m'tauni, kuwala kumeneku muli nako m'nyumba. Tengani rimoti ya wailesi ya kanema, muilozetse ku diso la kamera ya foni, ndipo mudine batani lililonse. Ndi maso simudzaona kanthu, koma pa mafoni ambiri mudzaona kakuwala kakuthwanima. Ine nditabwerako ndidayesa pamaso pa abambo akunyumba, ndipo adakhala akudina mpaka nsima kuzizira.

Nzeru yotchera nyama ndi kamera si ya dzulo. Cha m'ma 1890, George Shiras wa ku America ankamanga kachingwe modutsa njira ya nyama usiku. Nyama ikakakoka, ufa wa magnesium unkaphulika ndi kuwala koopsa, chithunzi n'kujambulika, koma mwini chithunzi n'kuthawa mtima uli m'mwamba. Zithunzi zake 74 zidasindikizidwa m'magazini ya National Geographic m'chaka cha 1906. Ubwino wa makamera a lero ndi woti nyama imajambulidwa ikuchita zake, osadziwa kuti ikuonedwa, ndipo ambiri amajambulanso kanema wamfupi wokhala ndi mawu. Amayendera mabatire wamba ndipo amakhala masabata ambiri, mwina miyezi, munthu osawakhudza. Mdani wawo ndi njovu, imene imawazula ndi chitamba, ndiponso fisi, amene amawatafuna ngati fupa. Choncho m'malo otere amawatsekera m'bokosi lachitsulo.

Usiku umenewo tidagona m'matenti pa msasa wa pafupi ndi chipata. Amayi anzanga, ife timati timaudziwa usiku, koma usiku wa kumudzi ndi wa agalu ndi atambala. Wa ku Majete uli ndi eni ake. Changa ankalira m'mitengo ngati khanda, kadzidzi ankayankha patali, ndipo mkokomo wa Kapichira sudaleke. Ndiye pakati pa usiku adayamba mwini nkhani, kulira kokweza kumapeto kuja, "Uwiii! Uwiii!" Mutenti mwathu mudali zii. Mayi wina adandigwira mkono, nayatsa tochi, n'kuunika pakona pamene padagona agogo aja. Adali momwemo, atafunda chitenje chawo, akuliza mkonono. Palibe adanena kanthu. Tochi idazimitsidwa msanga, ndipo ine ndidachita manyazi mumdimamo, chifukwa nanenso ndidadzutsa mutu kuti ndione.

Kutacha mtsikana uja adakachotsa kakhadi kosungira zithunzi m'kamera ija, kakang'ono ngati sitampa, nakalowetsa mu kompyuta. Tidakhala pansi pa mthunzi momuzungulira ngati ana a sukulu. Zithunzi za infrared zilibe mitundu, ndi zoyera ndi zakuda ngati za m'nyuzipepala, ndipo pansi pa chilichonse pamalembedwa tsiku, nthawi ndi katenthedwe. Maso a nyama amawala ngati nyali. Ichi si chizimba ayi. Nyama zoyenda usiku zili ndi kachikopa konga kalilole kumbuyo kwa diso, kamene kamabweza kuwala kuti zione bwino mumdima, monga mumaonera mphaka mukamuunika.

Dziwe limene dzulo lake tidaliona lili lokhalokha, usiku lidali ngati msika. Woyamba kufika adali nungu, minga ili nyankhalala, cha m'ma 8 koloko. Pambuyo pake chombwe, mutu uli pansi, akununkhiza njira. Chiuli adadutsa mothamanga ngati wachedwa kumaliro. Njovu zidafika ndi ana, zazikulu zitazinga tiana pakati. Kenaka padatulukira chinyama cha mphuno yaitali, makutu ngati a kalulu ndi msana wokhota ngati nkhumba. Tonse tidati, "Ichi n'chiyani?" Amene adayankha adali agogo aja, ndipo awa adali mawu awo oyamba paulendo wonse. "Ameneyo ndi nengo," adatero. "Amakumba m'chulu kufuna chiswe. Bambo anga ankamusimba, koma ine ndakalamba osamuona." Taganizani, nyama ya m'dziko lathu lomwe lino, ya dzina la m'chinenero chathu, ndipo pa amayi 18 padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaiona ndi maso.

Kambuku adafika 2 koloko itapitirira, nagwada kumwa madzi. Mtsikanayo adaimitsa chithunzi natiuza kuti mawanga a kambuku aliyense ndi akeake, monga zidindo za zala zathu, ndipo chimodzimodzinso fisi. Ofufuza amaika makamera awiri moyang'anizana kuti ajambule nthiti zonse ziwiri, ndipo potero amadziwa kuti uyu ndi yemwe uja kapena ndi wina. Umu ndi mmene adawerengera akambuku ndi afisi ku nkhalango ya Kasungu pakati pa 2016 ndi 2018, napeza kuti adatsala ochepa. Ku Serengeti m'dziko la Tanzania adatchera makamera 225 kuyambira mu 2010, ndipo pofika 2013 zojambula zidapitirira miliyoni imodzi, kotero kuti adachita kupempha anthu a m'maiko ambiri kuti athandize kuzisankha kudzera pa intaneti. Ndithu adanena akuluakulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomalizira mtsikana uja adati ali ndi kanema wina wochokera ku kamera imene adaitchera pakhomo pa una wa afisi. Amayi ena adasuntha pang'ono. Pachithunzipo padaoneka dzenje lokha. Kenaka fisi wamkulu adatulukira, mimba ili pansi, akuyenda motopa. Adaweramira kudzenje kuja nalira motsitsa, ndipo mudatuluka tiana tiwiri takuda bii, tonga tiagalu. Make adadzigwetsa chammbali, natambasula mwendo, tiana tija n'kuyamba kuyamwa. Kamodzi kankalimbana ndi kanzake, ndipo iye adakakankha ndi mphuno, kenaka n'kukanyambita kumutu. Maso ake ankatsinzina ndi tulo.

"Mdzukulu wanga, tabwezera pamenepo," adatero agogo.

Adabwezera. Agogo adayang'anitsitsa nati, "Kani nayenso ndi ntchembere. Nanga akagona ndi njala, mkaka auchotsa kuti?"

Mtsikanayo adavomera kuti ndi momwemo. Fisi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 110, ndipo kawirikawiri amabereka mwana mmodzi kapena awiri, obadwa maso ali otsekula ndi mano omwe. Amayamwitsa chaka chathunthu, mwina kupitirira, ndipo pa miyezi yoyambirira anawo amadalira mkaka wokha. Chifukwa chake make amayenda mtunda wautali usiku uliwonse kufuna chakudya. Sikuti amangotola zowola monga timanenera. Chakudya chake chambiri amachita kusaka yekha. Ndiponso pakati pa afisi, wamkazi ndiye wamkulu thupi, ndipo ndiye amatsogolera banja lonse.

Pamenepo mayi wa msika uja adafunsa chimene tonse tidali nacho kukhosi. "Iwe mwana wanga, usatibisire. Pa zithunzi zonsezi, udaonapo fisi atakwerapo munthu?"

Mtsikanayo sadadziwe za kwathu, choncho adayankha mosaopa. "Amayi, ndaona zithunzi za afisi zosawerengeka, koma munthu pamsana sindidamuonepo. Chimene ndaona n'chakuti fisi ali ndi njira zake. Amakonda kudzera m'makhwawa ndi m'mitsinje youma, mobisika, ndipo amalondola fungo la khola ndi la kudzala. Ngakhale mumzinda wa Lilongwe afisi alimo, ndipo ofufuza akhala akuwalondola. Nyumba imene ili pafupi ndi khwawa ndiyo imayamba kuona mapazi ake."

Agogo sadatukule mutu. Ankangokonza mpango wawo.

Ndikudziwa, amayi anzanga, kuti ena mwa inu mukuti za usiku sizijambulika. Sindikangana nanu patsamba pano. Komanso sindikunena kuti fisi ndi bwenzi, ayi. Amagwira mbuzi, ndipo m'madera ena a dziko lino wapwetekapo ndi kupha anthu. Mudzi ukamuona uyenera kudziwitsa a Boma oyang'anira nyama zakutchire. Chimene ndikunena ndi ichi chokha: ife tidaona mapazi, osaona mwini mapazi, ndipo pamene maso athu adalekezera tidaikapo dzina la munthu. Tidasankhanso dzina la amene alibe mwamuna kapena mwana womuyankhira. Kabokosi kaja kali ndi mwambo umene ife tidausowa. Kamadikira, ndipo kamanena chokhacho chimene kaona. Tisaiwalenso kuti lamulo la m'chaka cha 1911 lidaletsa m'dziko muno kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Ife sitingagule makamera otere, koma maso ndi kudekha tili nazo. Nkhuku zikasowa, tsirani phulusa kapena mchenga mozungulira khola madzulo, ndipo m'mawa muwerenge mapazi. A fisi ndi onga a galu wamkulu, a kutsogolo okulirapo kuposa a kumbuyo, ndipo zikhadabo zimaoneka. A vumbwe ndi onga a mphaka, opanda zikhadabo. Mukapeza a nsapato, ndiye kuti nkhani ndi ina. Khola la mbuzi likhale la mitengo yolimba yothithikana, kapena lam'mwamba, lokhala ndi chitseko chenicheni. Mafupa, zikopa ndi matumbo muzikwirira, osataya kudzala, pakuti ndizo zimaitana mlendo wa usiku. Ndipo ana asagone panja ngakhale kutenthe bwanji.

Pobwerera ndidakakhala pampando wakumbuyo uja. Tikukwera phiri, chigwa chikutsalira m'mbuyo, ndidati, "Agogo, ndidakulakwirani. Ndidamva zonse, koma ndidakhala chete." Iwo adamasula kamtolo kawo, nanyema mbatata yotsala, n'kundipatsa theka. "Idya, mwanangu," adatero. "Njira ndi yaitali."

Sindinganame kuti mudzi wonse udatembenuka. Alipo mpaka lero amene amalambalala nyumba ija. Koma titafika tidakaonana ndi amfumu, ndipo iwo adaletsa manong'onong'owo pabwalo. Loweruka lotsatira amayi a kagulu tidatuma ana athu aamuna kukalambula thengo la kukhwawa ndi kumanganso makola atatu amene adali ofooka. Kuyambira pamenepo sitidatayenso mbuzi. Ana nawonso adayambiranso kukapala moto kwa agogo, ndipo amachedwako, chifukwa amakhala akumva za nengo.

Ngati kagulu kanu kali ndi kangachepe m'thumba, pitani mukaone Majete, kapena Liwonde, kapena Kasungu, malo amene ali pafupi ndi kwanu. Mutenge madzi akumwa ambiri, ndipo mukafika mukafunse ngati pali zithunzi za usiku zoti akuonetseni. Koma musanakwere galimoto, yambani mwayang'ana ngati pali mpando umene anthu akuuthawa.